Mutu Ukapsa ku Saluni: Kabuku ka Mabanja a ku Ulongwe pa Kasamalidwe ka Tsitsi Lowonongeka

Pa Ulongwe, pamsewu wochoka ku Liwonde kupita ku Mangochi, munthu sayenda mtunda wautali asanaone chikwangwani cha saluni kapena cha ometa. Ena ali ndi chipinda cha lendi ndi makina oumitsira tsitsi odalira magetsi a ESCOM. Ena ali ndi sola ndi batire. Ena ntchito yonse amaigwirira pakhonde, ndi mkeka, chipeso, botolo la mafuta ndi mapaketi a meshi. Ntchitoyi ikudyetsa mabanja ambiri, ndipo ambiri mwa oigwira ndi aluso ndithu. Koma amene amatchera khutu pamjigo ndi pachigayo amamvanso mbali ina ya nkhaniyi: mayi amene anapita kukakonzetsa tsitsi la chinkhoswe n'kubwerako ndi zilonda m'mutu, mtsikana amene tsitsi la pachipumi linapita limodzi ndi meshi pomasula, mnyamata wa sukulu amene anatenga chipere kometetsa.

Mavutowa amachuluka pa nyengo zodziwika. Sabata ya Eid, sabata ya Khirisimasi, miyezi ya maukwati anthu akakolola, komanso masiku otulutsa anamwali ku jando ndi ku nsondo, saluni imodzi imalandira mitu yoposa manja amene alipo. Wokonza tsitsi amapaka mankhwala m'mutu mwa mayi mmodzi, n'kutembenukira wina wofuna kumalizidwa mizere, foni n'kulira, ndipo mphindi zimene mankhwala anayenera kukhala m'mutu zimadutsa popanda woziwerenga. Madzi a m'ndowa akatha ali pakati potsukuluza, zinthu zimaipiratu.

Kabukuka kaima pa mfundo imene mabanja ambiri sanauzidwepo: ululu wa pokonzetsa tsitsi si umboni woti ntchito ikuyenda bwino. Ndi khungu likuchenjeza mwini wake. Tsitsi lambiri limene latha m'dera muno linatha mwini wake atakhala chete pampando, akuluma mano, poopa kuoneka wovuta.

Mmene tsitsi linapangidwira

Tsitsi lili ndi mbali ziwiri. Muzu uli mkati mwa khungu ndipo ndi wamoyo. Umalandira magazi ndi kupanga tsitsi latsopano, pafupifupi sentimita imodzi pamwezi. Mbali imene anthu amapesa ndi yakufa, yopangidwa ndi puloteni yotchedwa keratin. Kunja kwake yakutidwa ndi timamba tosanjikizana ngati mamba a chambo. Timambati tikagona bwino, tsitsi limawala ndipo limasunga chinyezi. Mankhwala, moto ndi chipeso chokokedwa mwankhanza zimatitukula ndi kutithothola, ndipo tikachoka sitimeranso.

Apa pali zinthu ziwiri zofunika kuzimvetsa. Choyamba, tsitsi lopsa kapena logawanika kunsonga silichira. Mafuta ndi mankhwala a m'mabotolo amalifewetsa ndi kuliteteza kuti lisapitirire kuthyoka, koma sangalibwezere mwakale. Lidzachoka ndi sizasi basi. Chachiwiri, muzu ukakhala wamoyo tsitsi limameranso ngakhale litathothoka lonse, koma khungu likachita chipsera chozama muzu umafa ndipo malowo amakhala dazi mpaka kalekale. N'chifukwa chake khungu ndilo loyamba kulisamala.

Tsitsi la anthu akuda ndi lopotana, ndipo pamene lapindika paliponse ndi pofooka. Mafuta achilengedwe a m'khungu amavutika kuyenda m'mapindiwo kufika kunsonga, motero limauma msanga. Kutentha kwa kuno ku Balaka mu Okutobala ndi Novembala, ndi fumbi la mphepo ya mwera mu Juni ndi Julayi, zimawonjezera kuumako. Nsonga ya tsitsi lofika m'mapewa imakhala ndi zaka ziwiri kapena kuposa, ndipo inadutsa m'zonse zimene mwini wake analichita m'zaka zimenezo.

Mankhwala owongola tsitsi

Rilakisa anayamba kugulitsidwa ku America kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Mmodzi mwa oyamba kumupanga anali Garrett Morgan wa ku Cleveland, amene anatsegula kampani yake mu 1913. Lero ambiri amene amafika m'misika ya kuno amachokera ku South Africa, ena m'mashopu, ena m'zikwama za achibale obwera ku Joni. Alipo a mitundu iwiri. Wina amakhala ndi sodium hydroxide, soda yowotcha yomwe ija amapangira sopo. Wina amalembedwa kuti no-lye, ndipo amabwera ndi kabotolo kosakaniza. Ameneyu sapweteka khungu msanga koma amasiya laimu m'tsitsi, n'kuliumitsa kwambiri. Onse awiri ndi aukali. Pa sikelo ya pH, yoyezera ukali wa zinthu, khungu la munthu lili cha pa 5.5, pamene mankhwalawa ali pakati pa 12 ndi 14. Amagwira ntchito pothyola zomangira za mkati mwa tsitsi kuti liwongoke, ndipo akasiyidwa nthawi yaitali amapitiriza kuthyola mpaka tsitsi limasungunuka, kenako n'kuyamba kudya khungu.

Cholakwika chachikulu kwambiri ndi kupaka mankhwala tsitsi lonse, kuchokera kumizu mpaka kunsonga, nthawi iliyonse. Tsitsi lowongoledwa kale silifunanso mankhwala. Ofunika kupakidwa ndi masentimita awiri kapena atatu atsopano a kumizu okha, ndipo kuti akule chotero pamafunika masabata 8 mpaka 12. Mayi wowongola mwezi uliwonse amakhala akuwotcha malo omwewo kawiri kapena katatu. Zotsatira zake zimadziwika ngakhale patali: tsitsi lofiirira, lopyapyala, lotsalira pachipeso tizidutswatizidutswa.

Chiyambire pomwe kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wochokera kunja wadula, ndipo chiyeso chogula mankhwala opimidwa m'timabotolo topanda dzina chakula. Kabotolo kotero sikanena mphamvu ya mankhwalawo, sikanena tsiku lotha ntchito, sikanena mphindi zoyenera. Safunsa anadya phula. Kasitomala ali ndi ufulu wopempha kuona chidebe chenicheni, kuwerenga ngati palembedwa Mild, Regular kapena Super, ndi kuona mphindi zimene wopanga analemba. Tsitsi lofewa, lopakidwa dayi kapena lofooka kale siliyenera Super. Afunsenso ngati saluni ili ndi shampu yothetsa mphamvu ya rilakisa, yolembedwa neutralising, ndiponso ngati madzi alipo okwanira, ndowa ziwiri kapena kuposa. Chimodzi mwa zimenezi chikasowa, ndi bwino kubwerera kunyumba tsitsi lisanakhudzidwe.

Kukonzekera kumayamba masiku atatu kapena anayi tsikulo lisanafike. Mutu usakandidwe, usatsukidwe, usapesedwe mokanda khungu, chifukwa kabala kalikonse kamakhala khomo la mankhwala. Amene wangomasula meshi adikire sabata imodzi kapena ziwiri. Pa tsikulo, Vaseline apakidwe pakhungu la m'mutu, pachipumi, m'makutu ndi pakhosi. Wopaka avale magolovesi. Kasitomala mwini atchere nthawi pafoni yake kuyambira pomwe mankhwala akhudza mutu, osati pomwe wopaka wamaliza.

Ndiyeno pamabwera mphindi imene imasankha zonse. Mutu ukuyamba kuyabwa, kenako kutentha. Mayi akuti, "Achemwali, pakutentha." Yankho lozolowereka ndi lakuti, "Pirirani pang'ono asisi, ndiye kuti akugwira." Yankho limeneli lawotcha mitu yambiri. Kutentha kukayamba, mankhwala afika pakhungu, ndipo choyenera ndi kutsuka nthawi yomweyo, ngakhale tsitsi lisanawongoke bwino. Tsitsi losawongoka lingakonzedwe pakapita masabata. Chipsera sichikonzeka.

Mutu ukapsa

Chithandizo choyamba ndi madzi oyera ozizirira bwino, ambiri, othiridwa mosalekeza kwa mphindi 20, mutu utapendekera kumbuyo kuti asalowe m'maso. Kenako shampu yothetsa mphamvu ya mankhwala, kawiri kapena katatu, mosakanda. Pachilonda pasapakidwe mankhwala otsukira mano, dzira, mafuta ophikira, spiriti kapena phulusa.

M'mawa mwake tsitsi limapezeka litamatirira pakhungu ndi madzi a chilonda. Ambiri amalikoka ndi chipeso, n'kuchotsa nkhanambo pamodzi ndi mizu. Choyenera ndi kunyowetsa malowo ndi madzi owiritsa amene azizira, kupakapo Vaseline pang'ono, ndi kusiya nkhanambo kuti igwe yokha. Chilonda chachikulu, chotuluka mafinya, chonunkha, kapena chobwera ndi kutentha thupi ndi kutupa kwa mwanabere wa m'khosi, n'chofunika kuchipatala tsiku lomwelo. Mankhwala akalowa m'diso, litsukidwe ndi madzi kwa mphindi 20 ndipo munthuyo apite kuchipatala ngakhale ululu utachepa. Rilakisa ndi woyera komanso wofewa, mwana wamng'ono amatha kumunyambita. Zikatero asamusanzitse, angomupukuta m'kamwa ndi kuthamanga naye kuchipatala atatenga chidebecho.

Palinso nkhani ina yoyenera kuidziwa amene amawongola pafupipafupi. Mu Okutobala 2022, ofufuza a bungwe la National Institutes of Health ku America anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa amayi oposa 33,000. Anapeza kuti mwa amayi osagwiritsa ntchito mankhwala owongola tsitsi, pafupifupi 1.6 peresenti akanadwala khansa ya chiberekero pofika zaka 70, pamene mwa owongola koposa kanayi pachaka chiwerengerocho chinali pafupifupi 4 peresenti. Kafukufukuyu sanatsimikize kuti mankhwalawo ndiwo amayambitsa khansayo, ndipo si khansa ya khomo la chiberekero imene amayeza m'zipatala za kuno. Komabe ndi chifukwa china chokwanira chotalikitsira nthawi pakati pa kuwongola, ndi chosawongolera ana aang'ono.

Dayi wakuda ali ndi vuto lakelake. Ambiri amakhala ndi mankhwala otchedwa PPD, amene thupi la anthu ena limadana nawo: nkhope imatupa, maso amatsekeka, khungu limatuluka madzi. Hina amene amadetsa bii m'mphindi zochepa nthawi zambiri amakhala wosakanizidwa ndi PPD yemweyo. Kadontho kopakidwa kuseri kwa khutu n'kudikira maola 48 kamaonetsa ngati thupi likulola. Dayi ndi rilakisa asakumane tsiku limodzi. Pakati pake papite masabata awiri.

Meshi, mizere ndi wivi

Kuluka ndi njira yabwino yopumitsira tsitsi, koma kukakhala kothina kumazula mizu pang'onopang'ono. Pulofesa Nonhlanhla Khumalo wa ku University of Cape Town anafufuza zimenezi ku Langa, mumzinda wa Cape Town, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2007. Pafupifupi amayi 32 mwa 100 aliwonse anali atataya tsitsi la m'mbali chifukwa chokokedwa, ndipo mwa atsikana a sukulu anali 17 mwa 100. Ovutika kwambiri anali olukitsa meshi kapena wivi patsitsi lowongoledwa ndi mankhwala. Masitayilo ndi mankhwala oterewa amapezekanso pa Ulongwe.

Zizindikiro zimaoneka tsiku loyamba lomwe. Khungu la pachipumi limakokeka mpaka nsidze kukwera. Mutu umapweteka, munthu amamwa panado kuti agone, ena amagona chafufumimba chifukwa cholephera kutsamira. Pakapita masiku awiri kapena atatu timatuza toyera timatuluka m'mizere ya m'mbali. Pamenepo anzake amamulimbikitsa kuti zimasuka zokha pakatha sabata. Zimamasukadi, koma chifukwa chakuti tsitsi lina lazuka. Meshi yopweteka imasulidwe, makamaka mizere ya kutsogolo ndi ya m'mbali mwa makutu, ngakhale ndalama zitapita kale. Kutaya ndalama ya kuluka kumawawa, koma n'kochepa poyerekeza ndi kugula mawigi moyo wonse.

Wolukitsa anene asanayambe: "Asisi, kutsogoloku musakoke, timatsitsi tating'onoti tisiyeni." Mizere ikuluikulu ndi meshi yaifupi zimalemera pang'ono kusiyana ndi ting'onoting'ono tofika m'chiuno. Zoluka zisapitirire masabata 6 mpaka 8, ndipo zikamasulidwa mutu upume masabata awiri. Kusinthasintha kumene mizere ikulowera kumathandiza kuti malo amodzi asamakokedwe nthawi zonse. Guluu womatira wivi kapena wigi amazula tsitsi pochotsa, ndipo ena amawatupitsa khungu. Poviika nsonga za meshi m'madzi otentha, thaulo lokhuthala likhale pamapewa, ndipo meshi ya mwana isaviikidwe mwanayo ali pamiyendo pa munthu. Meshi ndi pulasitiki ndipo imagwira moto msanga, choncho wophika pamafuwa kapena pambaula aimange kumbuyo ndi kuvala duku.

Pali zinthu ziwiri za moyo wa kuno zimene mabuku a kunja sazitchula. Mayi wosenza ndowa ya malita 20 amaika makilogalamu 20 pamwamba pa mfundo za meshi, ndipo nkhata youma imapekesa malo omwewo tsiku ndi tsiku. Nkhata ikhale ya nsalu yofewa ndi yotakata, ndipo sitayilo isakhale ndi mfundo paliwombo. Amayi ovala hijabu kapena duku tsiku lonse asamange tsitsi mothina pansi pake, asamavale tsitsi lili lonyowa, ndipo mpendero wa nsalu usamakhale pamzere umodzimodzi wa chipumi.

Kometetsa, makamaka ana

Ana a sukulu ndi abambo amameta pafupipafupi, ndipo makina amodzi amadutsa mitu yambiri patsiku. Chipere cha m'mutu chimafala chotero, komanso kudzera m'zipeso, zipewa ndi mathaulo. Chimaoneka ngati malo ozungulira otuwa, tsitsi litathyokera pansi, nthawi zina n'kutupa ndi kutuluka mafinya. Mankhwala opaka okha sachiza chipere cha m'mutu chifukwa tizilombo take timakhala mkati mwa muzu. Pamafunika mapiritsi, monga griseofulvin, omwedwa kwa masabata 6 mpaka 8 molangizidwa ndi achipatala. Kupaka mafuta a galimoto, asidi wa batire kapena utomoni wowotcha kumangowonjezera chilonda pamwamba pa matenda.

Kumeta mpala kumacheka khungu ngakhale magazi asaoneke. Mu 2018, ofufuza a ku Cape Town anayeza makina 50 a ometa ndipo anapeza magazi pa makina 42 mwa 100 aliwonse, ndi kachirombo ka hepatitis B, koyambitsa matenda a chiwindi, pa makina 8 mwa 100. HIV sanaipeze. Kachirombo ka hepatitis B kamatha kukhala kamoyo pachitsulo kwa sabata yathunthu. Katemera wake anayamba kuperekedwa kwa makanda m'Malawi mu 2002, kutanthauza kuti ambiri obadwa chisanafike chakacho sanalandire. Kholo liyang'ane ngati wometa akusasa tsitsi pamakina ndi burashi, n'kuwanyowetsa bwino ndi spiriti ndi kudikira kuti aume asanakhudze mutu wina. Lezala likhale latsopano, lotsegulidwa pamaso pa kasitomala. Zipeso zingaviikidwe kwa mphindi 10 mu Jik wosungunula, kapu imodzi ya Jik ku makapu 6 a madzi, kenako n'kutsukuluza. Abambo amene amatuluka tiziphuphu tolimba kunkhongo asiye kumetetsa mpala kapena kudulitsa mzere ndi lezala pamalopo, chifukwa tiziphuphuto timakula n'kukhala zipsera zotupa.

Masabata a pakati

Tsitsi limakhala ku saluni maola ochepa, koma kunyumba limakhala miyezi. Lowonongeka limapulumuka kapena kutheratu m'masabata amenewa. Lamulo loyamba ndi kulipumitsa: miyezi itatu popanda rilakisa, dayi, chipeso chamoto kapena meshi yolemera.

Kutsuka kamodzi pasabata n'kokwanira, kapena kamodzi pa masabata awiri m'nyengo yozizira. Sopo wochapira zovala, wamtanda kapena waufa, ndi waukali ndipo amatukula timamba tija. Shampu wamba wotsika mtengo ndi wabwino kuposa sopo ameneyu, ndipo botolo limakhalitsa ngati pang'ono pasungunulidwa m'kapu ya madzi. Shampu ndi wa khungu: apakidwe ndi nsonga za zala, osati zikhadabo, ndipo thovu lotsika ndilo litsuke tsitsi. Tsitsi lalitali ligawidwe panayi n'kupotedwa lisananyowe, kuti lisapiringizane.

Madzi nawo ali ndi mbali yawo. Mijigo ina ya m'boma la Balaka imatulutsa madzi amchere, amene sopo sachita nawo thovu, ndipo amasiya tsitsi louma gwa. Madzi a mvula otungidwa m'chidebe choyera ndi ofewa, ndipo ndi abwino kusungira kutsukira mutu m'nyengo ya dzinja. Pamene palibe, supuni ziwiri za viniga kapena madzi a ndimu mu lita imodzi ya madzi, zothiridwa pomaliza n'kutsukuluza, zimachepetsa mcherewo. Izi zisachitike pamutu wa zilonda.

Ngati ndalama ikukwana chinthu chimodzi chokha, chikhale kondishona. Amapakidwa pambuyo pa shampu, kuyambira kunsonga, n'kuvala jumbo kumutu kwa mphindi 20 kapena 30. Kutentha kwa thupi kumamuthandiza kulowa. Peyala lakupsa lophwanyidwa bwino ndi kusefedwa, losakaniza ndi supuni ya mafuta, limafewetsanso tsitsi pamene kondishona palibe, malinga litsukidwe bwino. Nthawi yabwino yopesa ndi yomweyi, tsitsi lili lonyowa ndi loterera. Zala ziyambe kumasula mfundo, kenako chipeso cha mano otalikirana, kuchokera kunsonga kukwera kumizu, dzanja lina litagwira tsitsi pakati. Kupesa tsitsi louma ndi kachipeso ka mano othinana m'mawa uliwonse kumathyola tsitsi lambiri kuposa mmene anthu amaganizira; umboni wake ndi tizidutswa timene timagwera pamapewa. Poumitsa, malaya akale a thonje ofinyira pang'onopang'ono ndi abwino kuposa thaulo lopukutira mwamphamvu.

Pa mafuta pali kusamvetsa kwakukulu. Mafuta sanyowetsa tsitsi. Amatsekera chinyezi chimene chilimo kale. Kupaka Vaseline wambiri patsitsi louma kumangolipangitsa kunyezimira ndi kukola fumbi, mkati likadali louma. Dongosolo lake ndi madzi poyamba, mafuta pambuyo. Kabotolo kofayira kokhala ndi madzi ndi kondishona pang'ono kamakwanira: kufayira pang'ono masiku awiri aliwonse, kenako timadontho ta mafuta topakidwa m'manja n'kusisita kunsonga. Mafuta a nsatsi, amene agogo ankadzola kale, ndi okhuthala ndipo amatseka bwino chinyezi, makamaka akasakanizidwa ndi ena opepuka. Mafuta a kokonati amalowa mkati mwa tsitsi ndipo amathandiza akapakidwa usiku woti m'mawa mutu utsukidwa. A mpendadzuwa ndi a malambe nawonso amagwira ntchito. Palibe mwa mafutawa amene amameretsa tsitsi pamalo pamene muzu unafa, ngakhale ogulitsa pamsika atalumbira. Amene ali ndi mfundu yambiri asapake mafuta pakhungu, chifukwa amaichulukitsa. Shampu wokhala ndi ketoconazole, wopezeka m'mafamase, ndiye amathandiza.

Usiku, nsalu ya thonje ya pilo kapena chitenje imamwa mafuta ndi kupekesa tsitsi. Kansalu koterera ka satini ndiko koyenera, ndipo sikafuna ndalama zambiri: nsalu ya mkati mwa diresi kapena siketi ya pa kaunjika imadulidwa n'kukhala duku logonera. Mfundo yake isamangidwe pachipumi pomwe tsitsi ndi lofooka. Masana, mizere ikuluikulu ya tsitsi lenileni, kapena kumanga ndi ulusi mosathinitsa monga ankachitira amayi akale, kumabisa nsonga ku dzuwa ndi fumbi komanso kumawongola tsitsi popanda moto.

Amene wasiya rilakisa amakhala ndi tsitsi la mitundu iwiri pamutu umodzi, lopotana kumizu ndi lowongoka kunsonga. Pamene awiriwa akumana ndi pofooka kwambiri, ndipo ndi pomwe limathyokera. Njira zilipo ziwiri: kudula sentimita imodzi kapena ziwiri miyezi iwiri kapena itatu iliyonse mpaka lakale litatha, kapena kumeta lonse kamodzi n'kuyambiranso. Njira yachiwiriyi imawavuta ambiri chifukwa cha zonena za anthu, popeza kumeta kwa mayi ena amakuona ngati kwa maliro. Koma kwa tsitsi limene likutanuka ndi kuduka likanyowa, ndiyo njira yachangu ndi yotsika mtengo. Podula pagwiritsidwe sizasi yakuthwa. Yobuntha imatafuna nsonga n'kuzisiya zogawanika.

Chipeso chachitsulo chootcha pambaula chilibe choyezera kutentha. Chikadzabwereranso pambuyo pa miyezi yopuma, chiyesedwe kaye papepala loyera: likachita chikasu kapena kupserera, chatentha kwambiri. Chisakhudze tsitsi lonyowa kapena lowongoledwa kale ndi mankhwala.

Pamene vuto si la saluni

Munthu aliyense amataya tsitsi 50 mpaka 100 patsiku. Womasula meshi ya miyezi iwiri amaona lonse la masiku amenewo nthawi imodzi, ndipo sayenera kuchita mantha. Chofunika ndi kulichotsa ndi zala asanathire madzi, apo ayi limamangana mfundo zosamasulika. Tsitsi limathothokanso kwambiri miyezi iwiri mpaka inayi mayi akabereka, kapena munthu akadwala malungo aakulu, ndipo limabwerera lokha m'miyezi yotsatira.

Kuchepa kwa magazi kumafooketsanso mizu. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lino wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mayi mmodzi mwa atatu a zaka 15 mpaka 49 anali ndi vutoli. Zakudya zothandiza zilipo pafupi: kambuzi wa ku Malombe, usipa, matemba, mazira, nandolo, khobwe, mtedza, bonongwe, chisoso ndi nkhwani, pamodzi ndi malambe kapena mango zimene zimathandiza thupi kutenga ayironi. Tiyi womwera pachakudya amachepetsa ayironi wolowa m'thupi, choncho ndi bwino kumumwa patapita ola.

Munthu ayenera kupita kuchipatala msanga pamene dazi layamba paliwombo n'kumakula mozungulira, khungu likusalala ndi kuwala. Pamene pali malo ozungulira opanda tsitsi ndi limodzi lomwe. Pamene tsitsi la m'mbali silikubwerera patatha miyezi 6 chisiyireni kuluka. Ndiponso pamene kuthothoka kwabwera ndi kuwonda, kutopa kapena zilonda zina m'thupi. Poyambira ndi chipatala chaching'ono chapafupi, chimene chingatumize wodwala ku chipatala cha boma ku Balaka, ku Liwonde kapena ku Mangochi, ndipo matenda ovuta a khungu amapita ku Zomba kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Amene ali pa mankhwala a nthawi yaitali, monga ma ARV, asawasiye poganiza kuti ndiwo akuthothola tsitsi, koma akafotokozere adokotala.

Wopwetekedwa ku saluni abwerere kwa mwini wake, makamaka nthawi imene kulibe makasitomala ambiri, atatenga chithunzi cha chilonda ndi buku lake la kuchipatala. Zambiri zimatha pokambirana, kaya kubweza ndalama kapena kulipira mankhwala, ndipo wokonza tsitsi amene waona chilonda ndi maso ake amasamala pa mutu wotsatira. Zikakanika, nkhani ingapite kwa a komiti ya msika kapena kwa amfumu, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula. Mankhwala okayikitsa, opanda dzina kapena otha ntchito anganenedwe ku Malawi Bureau of Standards. Achinyamata ofuna kuyamba ntchitoyi, ndi amene anaiphunzira pongoonera, angafunse ku TEVETA za maphunziro okonza tsitsi.